Batire la sola likafooka, ndimaliyeza kaye ndisanalitaye

Mabatire ambiri amene amatayidwa kuseri kwa nyumba kuno ku Chikwawa ndi Nsanje sakhala atafa, amangokhala ndi ludzu. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye madzi a m'batire amauma msanga, makamaka m'nyumba ya malata.

Ndimayamba ndi kuchotsa mawaya a panelo pa controller (kabokosi koyendetsa magetsi pakati pa panelo ndi batire), kenako a batire. Ndikasemphanitsa, controller ikhoza kupsa. Ndimalisiya lipume maola angapo, n'kuliyeza ndi mita yoyezera mphamvu ya magetsi. Batire la 12V lodzaza limawerenga 12.6 kapena 12.7, pa 12.2 lili pakatikati. Likakanirira cha m'ma 10.5 ngakhale litatchajidwa tsiku lonse, ndiye kuti chipinda chimodzi mwa zipinda zake 6 chafa. Limenelo sindilimbana nalo, chimodzimodzi lotupa kapena long'aluka.

Ngati batire lili ndi zotsekera, ndimatsegulira panja, nditavala magulovu, kutali ndi moto ndi fodya chifukwa mpweya wotulukamo umayaka. Ndimathira madzi a batire ogula mpaka mapuleti a mtovu a m'katimo amire pafupifupi sentimita imodzi. Asidi sindiwonjezera: chimene chimauma ndi madzi, asidi amatsalira momwemo. Madzi a pa mjigo ndiye ayi ndithu. Mijigo yambiri ya kuno ndi yamchere, ndipo mcherewo umamaliza batire limene likanachira. Batire la gel, lomwe asidi wake amakhala ngati phala, silitsegulidwa n'komwe.

Zoyera zomera pa mitu ndimatsuka ndi soda wosungunula m'madzi, kuumitsa, n'kupaka Vaseline pang'ono. Ndikalitchaja masiku awiri osalumikizako kanthu, ndimayezanso. Likachira ndimaliika pa thandala lokwera, pamthunzi podutsa mphepo, poti madzi osefukira sagogoda.

Lakufa lija sindiliswa. Ena amasungunula mtovu wake kuti apange zolemetsa ukonde, koma utsi ndi fumbi lake zimawononga ubongo wa ana, ndipo mtovu ukalowa m'dothi suwola. Asidi naye ukamuthira pansi amapita m'chitsime. Ndimatseka zotsekera zonse, kuliimika m'beseni la pulasitiki, n'kupita nalo kwa ogula zitsulo zakale kapena ogulitsa mabatire amene amalandira akale. Panjinga ndimalimanga choimirira, lisapendekeke.