Kaundula wa zipangizo zanga za wailesi wasamukira ku MongoDB

Sabata ino ndasamutsa kaundula wa tizipangizo tomwe ndimakonzera mawailesi akale madzulo, kuchoka ku SQLite kupita ku MongoDB. Awiriwa ndi ma database, mapulogalamu osungira deta pa kompyuta.

SQLite ndi database ya mtundu wa relational, nzeru yomwe Edgar Codd wa ku IBM anailemba mu 1970. Zonse zimakhala m'matebulo, ndipo mzere uliwonse uli ndi mipata yofanana ndi unzake. Koma zipangizo zanga sizifanana. Resistor imayezedwa ndi ma ohm, capacitor imafuna ma farad ndi ma volt, sipika imafuna ma watt ndi kukula kwake. Ukaziunjika m'tebulo limodzi, mipata yambiri imangoti NULL, kutanthauza kuti mulibe kanthu. Ukazigawa m'matebulo angapo, mafunso ambiri adzafuna JOIN, lamulo lolumikiza matebulo.

MongoDB, yomwe inatuluka mu 2009, imasunga kachipangizo kalikonse m'document yakeyake, yolembedwa mofanana ndi JSON, kalembedwe ka deta komwe chilichonse chimalembedwa pamodzi ndi dzina lake. Capacitor imanyamula ma volt ake, sipika ma watt ake, palibe chokakamiza china kuti zifanane. Nditaonjezera ma transistor sindinasinthe kalikonse pa zomwe zinalipo kale, ndipo mtima unangoti myaa.

Ufuluwo uli ndi mtengo wake. M'document iliyonse ndalembamo dzina la malo omwe ndinagula chipangizocho, kuti ndiziona zonse pamodzi. Dzinalo likasintha, ndiyenera kulikonza paliponse pomwe lalembedwa, pamene mu SQLite likanakhala mumzere umodzi wokha. Komanso ukalemba "ohm" apa, "ohms" apo, MongoDB imangolandira, pokhapokha utaiikira malamulo wekha. Kwa ine kusiyana kwenikweni ndi kumeneku: ku relational umayamba ndi kukonza deta mwadongosolo, mafunso amabwera pambuyo, kuno umayamba wadzifunsa kuti uzidzafufuza chiyani, kenako n'kuumba document motsatira funsolo.

MongoDB ili m'gulu lotchedwa NoSQL, la ma database omwe si a relational, ndipo dzinali likuphimba mitundu ingapo. Redis imasunga kiyi ndi chomwe kiyiyo ikuloza, Neo4j imasunga maubale a zinthu, Cassandra inabadwira ku Facebook kuti deta imwazike pa makompyuta ambiri. Izi sindinazikhudzebe.

Za ndalama, monga zomwe anthu sanandilipire, ndazisiya mu SQLite. MongoDB inayamba kulola transaction (zosintha zingapo zomwe zimatheka zonse pamodzi kapena kulephereka zonse) yokhudza ma document angapo mu 2018, koma pa ngongole ndikufuna tebulo lokana cholakwika pomwepo. Chotsatira ndi kuika index, yothandiza kufufuza msanga, pa mtundu wa chipangizo ndi kulemba malamulo a mayina a mipata.