Njinga ikabweza kiki, musathamangire kugula CDI

Anzanga oyenda pa njinga zamoto msewu wa Makanjira ndi zitunda za ku Namwera, tamvani. Njinga ikayamba kubweza kiki kapena kuphulika kupaipi, ambiri mumathamangira kugula CDI yatsopano, kabokosi kamene kamatumiza moto kupulagi. Dikirani kaye, mwina vuto ndi nthawi ya moto.

Pulagi imayenera kuthetheka pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba. Moto ukafulumira, injini imagogoda n'kutentha. Ukachedwa, njinga imafooka pachitunda, mafuta n'kumangotha. Njinga za CDI ngati AG200 zilibe mapointi (tizitsulo toika nthawi ya moto pa njinga zakale) oti muzisintha, nthawi ya moto imachokera ku fulayiwilo (gudumu lolemera lozungulira ndi injini) ndi pikapu koyilo (kachipangizo kouza CDI nthawi yotumiza moto). Nati ya fulayiwilo ikamasuka, kakiyi kakang'ono kamkati kamaduka, basi nthawi yasokonekera, CDI ili bwinobwino. Auzeni amakaniko ayambe atsegula kumagineto, komwe kuli fulayiwilo.

Mukagulabe, funsitsani: CDI ya AC (yotenga magetsi kumagineto) ndi ya DC (yotenga kubatire) n'zosiyana, ngakhale wogulitsa anene kuti zonse zimalowa.