Ngowe ya pa lamba imene inatchinga muvi

Kwa masabata awiri tsopano ndakhala ndikuwerenga za daigou, ngowe zimene anthu olemekezeka a ku China wakale ankamangira malamba awo. Ndinayamba kuzimvetsa pamene ndinayang'anitsitsa chithunzi cha kumbuyo kwa imodzi mwa izo. Kumbuyoko kuli kachinthu kotumphuka ngati batani, kamene kankalowa pa bowo la mbali imodzi ya lamba, pomwe mutu wake wopindika, wosemedwa ngati wa mbalame kapena wa chinjoka, ndiwo unkakola mbali inayo. Zambiri zinali zamkuwa, koma za mafumu zinkakhala zagolide, zasiliva kapena za mwala wa jade.

M'kope langa ndinali nditalemba kale kuti Atchaina anatengera ngowezi kwa anthu okwera akavalo a kumpoto, pamene Mfumu Wuling ya ku Zhao, umodzi mwa maufumu a ku China wakale, inalamula kuti anthu ake ayambe kuvala ngati iwo mu 307 BC. Maganizowa ndinawalandira msanga chifukwa ankamveka bwino, ndipo apa m'pamene ndinalakwa, pakuti sindinayerekeze zaka.

Chimene chinanditsegula maso ndi nkhani ya mu 685 BC, pamene ana awiri a banja lachifumu la dziko la Qi, Jiu ndi Xiaobai, ankalimbirana mpando. Guan Zhong, amene anali kumbali ya Jiu, anabisalira Xiaobai panjira n'kumuponyera muvi, koma muviwo unagunda ngowe ya pa lamba. Xiaobai ananamizira kufa, adani ake n'kutayirira paulendo, iye n'kufika ku Qi moyambirira n'kulowa ufumu. Pambuyo pake anakhululukira mwini muvi uja mpaka kumuika kukhala nduna yake yaikulu, chinthu chimene mpaka lero chimandidabwitsa. Ngati ngowe inalipo kale pamimba pa Xiaobai zaka 378 Wuling asanapereke lamulo lake lija, ndiye kuti zimene ndinalembazo sizikanaima.

Umboni wa m'manda unangotsiriza nkhani. M'manda a anthu a chikhalidwe cha Liangzhu, kufupi ndi mzinda wa Hangzhou, akatswiri ofukula zakale anapezamo ngowe za jade za zaka zoposa 4,000, ndipo m'manda a Yi, wolamulira wa dziko la Zeng amene anaikidwa cha mu 433 BC, munali ngowe zinayi zagolide. Mzere uja wa m'kope langa ndaufufuta ndi cholembera chofiira, ndipo m'mphepete mwake ndalembamo zaka zonsezi motsatana.