Chinjinga changa cha GS: pamene tafika mwezi uno

Matayala atsopano aja afika kuchokera ku Johannesburg ndipo tamanga kale. Kwa amene mwangoyamba kumene kutsatira nkhaniyi, njinga yake ndi BMW R 1200 GS Adventure ya 2012, yomwe ndinagula itayendapo kale. Matayala omwe inabwera nawo anali a phula lokhalokha, ndipo lakumbuyo linali litadyeka pakati mpaka kusalala. Pano ndaika a mano akuluakulu pang'ono, oyenda pa phula ndi pa dothi pomwe: 110/80 pa limu ya mainchesi 19 kutsogolo, 150/70 pa ya 17 kumbuyo. Saizi imeneyi musataye nthawi kuifunsa m'mashopu a pa Kasungu pano. Mwadzaza matayala a njinga za kabaza, ndipo wogulitsa amangokuyankhani kuti mubwerenso sabata yamawa, pamene nonse awiri mukudziwa kuti sadzabwera nawo.

Sevisi tinapangira pakhomo pompano ndi madala ena omwe ntchito yawo ndi yokonza magalimoto. Anyamata okonza njinga kumsika ndimawalemekeza, koma iyi inawakanika kuyambira pa masipanala pomwe, chifukwa mabawuti ake ambiri amafuna makiyi a nyenyezi aja. Madalawo ataizungulira n'kuona kuti ilibe tcheni, mphamvu imapita ku tayala lakumbuyo kudzera mu shafuti, komanso kilatchi yake ndi youma, anangoti, "Achimwene, iyitu ndi galimoto, kungoti anaimana matayala awiri." Tinathira oyilo wa injini malita anayi, n'kusintha wa m'magiya ndi wa kumbuyo ku shafuti, yemwe amalowa mamililita 180 okha. Mapulagi alipo anayi, awiriawiri pa silinda iliyonse. Chosangalatsa pa injini ya boxer n'choti masilinda ake awiri anatulukira m'mbali, ndiye poyeza mavavu mumangokhala pa mpando wa ndalema, kumasula chivundikiro, zonse zili poyera.

Fyuluta ya mpweya ndiyo inandidabwitsa. Buku limanena nthawi yake yosinthira, koma olemba bukulo fumbi la Ogasiti la ku Kasungu sanalione. Nditaigogoda pa simenti panatsala mulu wa dothi lofiira loti n'kuwola ndi dzanja. Kuyambira pano ndiziyitsegula pafupipafupi mpaka mvula itagwa.

Loweruka ndinakaiyesa pa msewu wa ku Mchinji: kutsika ndi M1 mpaka pa Chinkhoma, kukhotera ku Santhe, Kapiri, Kamwendo, n'kukafika pa boma. Pa phula palibe zambiri zoti ndinene. Injini ya 1,170 cc pa giya sikisi imangong'ung'udza pansipansi, galasi lakutsogolo limakuchotserani mphepo pachifuwa, ndipo maenje omwe pa njinga yaing'ono amakugwedezani mpaka m'mano, apa mumangomva kuti "du" n'kudutsa. Liwiro ilinalo lambiri, koma pa misewu yathu ino n'lopanda ntchito. Mbuzi, ngolo, ana a sukulu, wakabaza wonyamula matumba atatu a chimanga yemwe akhota osayang'ana m'mbuyo, zonsezi zimakuuzani zokha poyenera kulekezera.

Anyamata a kabaza pa Kamwendo anandiunjirira ndi funso lomwe lija la nthawi zonse: "Bigi, imathamanga mpaka pati?" Palibe amene amafunsa za thanki, chonsecho kwa ine ulemerero wa njinga imeneyi uli pamenepo. Imalowa malita 33. Mmene ndikuyendera inemu, modekha, lita imodzi ikumandifikitsa makilomita 18 kapena kuposerapo pang'ono. Kuchoka pa Kasungu kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130, kutanthauza kuti thanki imodzi ndingapite n'kubwera kawiri, mafuta n'kutsalamo. Amene munagonapo pa mzere wa petulo mukumvetsa chomwe ndikunena. Ndikapeza mafuta pa pampu ndimadzaza mpaka kukamwa, ndipo a m'zigubu a m'mbali mwa msewu aja sindiwayandikira, poti simudziwa chomwe asakanizamo.

Koma thanki yomweyo ndi imene imakulangani mukasiya phula. Pobwerera ndinapatukira kwa amalume cha ku Santhe, njira ya ngolo yodutsa m'minda ya fodya, yomwe nyengo ino ndi mchenga wokhawokha. Njingayi ikadzaza mafuta imapitirira makilogalamu 250, ndipo kulemera kwambiri kuli m'mwamba, pakati pa mawondo anu. Mpando wake ndi wotalika masentimita 89 pa malo otsikitsitsa, moti ine ndikaima ndimaponda pansi ndi zala zokha. Ndisanalowe mumchengamo ndinaima, n'kuphwetsako matayala pang'ono, n'kuzimitsa ABS, makina oletsa matayala kukhutchuka mukamanga mabuleki mwamphamvu. Kenako giya thu, kuimirira pa zopondera, thupi kulikokera m'mbuyo, maso kutsogolo kutali. Tayala lakutsogolo limayamba kuvina, chiwongolero chikupita uku ndi uku, ndipo mtima umakuuzani kuti tsekani mafuta. Mukangomvera mtimawo, mutu wa njinga umamira ndipo mwagwa. Chofunika ndi kuwonjezera moto pang'ono ndi kumasula manja kuti iziyendera yokha. Ndikuona kuti ndayamba kuzolowera, ngakhale pokhota pamandivutabe.

Pa dambo lina lakuya inagona ndithu. Ubwino wake, masilinda aja ndi zitsulo zotchinga m'mbali zimaigwira kuti isagoneretu pansi, imangotsamira. Poidzutsa mumaifulatira, matako pa mpando, dzanja lina pa chiwongolero, lina pa chogwirira chakumbuyo, n'kumakankha ndi miyendo pang'onopang'ono. Amayi ena omwe ankachokera kudimba anatula dengu lawo n'kundigwirira kumbuyo, uku akuseka kuti, "Bambo, chimenechi mumakwera dala?" Chomwe ndimasamala kwambiri m'malo otere ndi kilatchi. Poti ndi youma, mukamaisewera theka nthawi yaitali imayamba kununkha chopserera, ndipo kuisintha kwake n'kogawa njinga pakati, ntchito yomwe ndalama zake sindikufuna n'kuziganizira komwe. Ikatitimira bola kutsika, kufukula mchenga ndi manja, n'kuitulutsa mukuyenda pambali pake.

Amalume anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati imanyamula mabelo. Nditawauza kuti ayi, nkhani ya njinga inathera pomwepo.

Ulendo womwe ndikukonzekera ndi wa kumpoto mvula isanayambe: Chatoloma, Nkhamenya, Jenda, kukwera Chikangawa mpaka ku Mzuzu, kenako kutsika Chiweta kukaona nyanja. Zogwirira zotenthetsa manja zija, zomwe kuno anthu amaziseka, zikagwira ntchito mu nkhungu ya ku Chikangawa. Za ku Chipata ndaziimika kaye mpaka mapepala otulukira pa Mwami ndi inshuwalansi ya COMESA yoyendera m'maiko oyandikana nafe zitalongosoka.

Chatsala ndi shoko yakumbuyo. Pochapa njinga Lamulungu ndinapeza kuti yayamba kuchucha oyilo pang'ono m'munsi, n'zosadabwitsa pa msinkhu wake. Ndi mabokosi odzaza katundu komanso mayi akunyumba kumbuyo, singapirire mpaka ku Chiweta. Yatsopano mtengo wake ndi woopsa, ndiye ndikufuna woti angaitsegule, kusintha masilo otchinga oyilo kuti asachuche, n'kuthiranso oyilo ndi gasi. Ngati alipo amene mukumudziwa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndiuzeni mwezi uno usanathe, apo ayi ndiimasula n'kuitumiza ku Johannesburg pa basi.