Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Kope la K500

M'gawo lapita ndinalekezera pamene Bambo anandipatsa khadi lawo la ku banki, mabelo athu a burley atagulitsidwa ku Chinkhoma. Maso awo anali atayamba kuvuta, manambala a pa makina sankawaonanso bwino, ndiye anati, "Unapita kusukulu ndiwe, uzisunga ndiwe. Za fetereza zili momwemo." Gawo ili ndalizengereza milungu itatu, koma mbiri yanga singayende ndikalilumpha.

Zobetcha mpira ndinkachita kale, timakwacha tochepa Loweruka. Za roulette ndinazionera kwa mnzanga wina wokonza mafoni pa Kasungu boma, tsiku lomwe ndinakasinthitsa galasi la foni yanga. Pa foni yake panali gudumu lozungulira ndi kampira koyera kodumphadumpha. Iye sankasankha nambala ayi, ankangoika pa chofiira kapena chakuda, pomwe ukaika K500 n'kuwina, amakubwezera yakoyo n'kuonjezapo K500 ina.

"Aise, izi si za mwayi, ndi masamu," anandiuza. "Ukadyedwa, wirikiza kawiri. Basi."

Anandilembera kuseri kwa lisiti. Waika K500, yapita. Ika K1,000, yapitanso. Ika K2,000. Ukawina pamenepo wapeza K2,000, chotsapo K1,500 inapita ija, watsala ndi phindu la K500. Kaya uluze kangati, ukangowina kamodzi zonse zabwerera ndi K500 pamwamba. Njirayi dzina lake ndi martingale, ndipo otchova juga a ku France ankaigwiritsa kale ntchito m'zaka za m'ma 1700. Ndinayang'ana kapepalako mu minibasi njira yonse mpaka pa Santhe, kufunafuna pomwe pali bodza. Sindinapapeze. Ndipo ndinene pano kuti pa kapepalapo panalibedi bodza. Vuto linali pa zomwe sanalembepo.

Ndinagula kope la ana asukulu, n'kujambula mizere: tsiku, zomwe ndaika, mtundu womwe watuluka, phindu. Ndinadziikira lamulo loti ndikawina kakhumi, K5,000, ndizizimitsa foni n'kukagona. Mpamba wake ndinatapa K150,000 pa khadi la Bambo, ndikudziuza kuti sindikuidya, ndangoibwereka kuti iziima kumbuyo kwanga.

Masiku 16 otsatizana lamuloli linagwira. Kopelo ndikadali nalo, ndipo mzere wa phindu umathera pa K80,000. Ndinagulira Amayi shuga ndi chitenje, mlongo wanga nsapato za kusukulu, zina zinathera pa kanyenya ndi mayunitsi. Amayi ankati mwana wayamba kuganiza za pakhomo. Mawu amenewo ndi amene amandipweteka kwambiri mpaka lero, chifukwa ankawanena ndi mtima wonse.

Tsiku la 17 linali la mu Okutobala, kotentha mpaka usiku. Ndinakhala pa njerwa kuseri kwa chigafa, poti netiweki kwathu imagwira bwino pamenepo. Ndinaika K500 pa chofiira, kunatuluka chakuda. K1,000, chakuda. K2,000, K4,000, chakudabe. Mtima sunagunde, poti kuluza kanayi ndinali nditakuzolowera. K8,000 itapita ndinadzuka n'kuyenda pang'ono. K16,000 itapita manja anayamba thukuta, moti chala chinkaterera pa galasi. Mumtima ndinkati chakuda chatuluka kasanu ndi kamodzi, chatopa, chofiira chili pakhomo. Ndinaika K32,000. Kampira kanazungulira, kanagunda apa ndi apo, n'kukakhala pa ziro, kabowo kobiriwira kamene sikali kumbali ya chofiira kapena chakuda.

Ndinalemba m'kope, dzanja likunjenjemera: zapita K63,500. Kuti ndipitirize ndinayenera kuika K64,000. Ndikukumbuka bwino kuti pa mphindi imeneyo ndinazindikira chinthu chimodzi: ndikuika ndalama yonseyo kuti ndipeze K500, ndalama yosakwana n'komwe paketi ya shuga. Ndinazindikira, koma ndinadinabe. Agalu ankauwa kutsidya kwa dambo. Kunatuluka chakuda.

K127,500, m'mphindi zosakwana khumi. Ulendo wachisanu ndi chinayi unkafuna K128,000, ine n'kuti ndatsala ndi K22,500. Apa ndi pomwe kapepala kaja kanakhala chete: "wirikiza" amafuna thumba lopanda pansi. Ngakhale ukhale nalo thumbalo, eni masewera amaika malire a ndalama yomwe ungaike pa ulendo umodzi, ndipo ukawafika sungawirikizenso.

Mnzanga uja, nditamuimbira m'mawa, anati ndinathamanga kwambiri, ndiyese njira yofatsa yotchedwa d'Alembert, dzina la katswiri wa masamu wa ku France: ukaluza uonjeze K500 yokha, ukawina uchepetse K500. Anatchulanso ya Fibonacci, yokwera motsata 1, 1, 2, 3, 5, 8, 13. Ndinayesa ya d'Alembert ndi zotsala zija. Zinatha m'masiku anayi m'malo mwa usiku umodzi.

Amene ananditsegula m'maso ndi aphunzitsi anga a masamu a ku sekondale, omwe anapuma ntchito ndipo amakhala chapafupi ndi msika. Ndinapita ndi kope langa, ndikuganizabe kuti penapake ndinalakwitsa kuwerengera. Anavala magalasi, anatembenuza masamba onse osayankhula, kenako anatenga pensulo.

"Mwana wanga, gudumuli lili ndi mabowo angati?"

"37, aphunzitsi."

"Ofiira 18, akuda 18, ndi ziro mmodzi. Ndiye ukaika pa chofiira, mabowo ako ndi 18, a eni ake ndi 19. Pa K37 iliyonse yodutsa pa tebulopo, m'kupita kwa nthawi K1 imatsala kwa iwo. Ndi K2.70 pa K100 iliyonse. Gudumu la ku America lili ndi maziro awiri, kumeneko ndi K5.26. Uike yochepa, uike yambiri, uwirikize, uchepetse, kagawo kameneko sikasuntha."

Ndinawafunsa za chakuda chobwera motsatizana chija, ngati sanali makina ondibera. Anati zimenezo sangazidziwe, koma ngakhale gudumu lachilungamo limachita zomwezo, chifukwa kampira sikakumbuka komwe kanagwera. Anandisimbira za nyumba ya juga ya ku Monte Carlo, ku Ulaya, mu 1913, pomwe chakuda chinatuluka ka 26 motsatizana, anthu n'kumathira chuma pa chofiira poganiza kuti nthawi yake yakwana, ngati momwe ndinaganizira ine kuseri kwa chigafa.

Kenako analemba chomwe chinandikhalitsa pansi. Kuluza kasanu ndi katatu motsatizana kumachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 207 oyambira pa K500 paja. Maulendo 206 owina amabweretsa K103,000. Umodzi woluzawo umatenga K127,500. "Iwe unali utayenda maulendo 160," anatero, akuloza kope langa lomwe. "Tsikuli silinakugwere mwangozi, linali m'njira kuyambira usiku woyamba. Timakwacha unkalandira tija tinali ngati ta katapila. Umadya lero, mwini wake akubwera."

Ine ndimaona kuti njira zimenezi n'zoopsa kuposa kubetcha mwachisawawa. Wobetcha mwachisawawa amadziwa kuti akutchova juga, ndipo manyazi amamubweza. Ine ndinali ndi kope, mizere, lamulo la kakhumi. Ndinkadziona ngati munthu wa bizinesi, n'chifukwa chake ndinalimba mtima kukhudza ndalama yomwe sindikanaikhudza pa mpira.

Bambo ndinawapeza kudambo m'mawa mwake, akuthirira nazale ya fodya. Mbande zinali zitakula bwino, zikungodikira mvula, ndipo iwo anali atanena kale kawiri kuti fetereza tigule msanga mitengo isanakwere. Ndinagwada m'mphepete mwa bedi, mawondo m'matope.

"Bambo, ndalakwa. Ndalama za fetereza ndaononga K150,000."

Sanasiye kuthirira. Anamaliza bedi lonse, n'kuika kheni pansi.

"Wadwala? Kapena wapalamula mlandu?"

"Ayi, Bambo. Juga ya pa foni."

Anayang'ana mbande zija nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja, osandiyang'ana. Ndinatulutsa khadi m'thumba n'kulipereka ndi manja awiri. Analipukuta pa malaya, n'kuliika m'thumba la pamtima.

"Amayi ako usawauze iwe, ndiwauza ndekha," anatero. "Tenga kheniyo, mabedi atatu atsala."