Makina ometera asayandikire msana wa spaniel wanu

Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti kagalu kanga, ka mtundu wa English Cocker Spaniel, ndinakakonza bwanji ubweya mpaka kufika nako ku chionetsero cha agalu ku Lusaka. Ndiyankhe kamodzi, aliyense atolepo zake. Za chakudya, katemera ndi kulembetsa galu ku khansolo ndidumpha, amene ali ndi galu wotere zimenezo akuzidziwa kale. Nkhani yanga ndi ya ubweya basi.

Spaniel wopita ku chionetsero sametedwa pamsana, amazulidwa ndi zala. Kagalu kamakula ndi ubweya wa ukhanda, wofewa, woimirira, wosawala. Ubweya umenewu umafa wokha, kawirikawiri kagalu kakafika miyezi 6 mpaka 9, ena amachedwerapo, ndipo kunsi kwake kumakhala kukubwera ubweya weniweni wogona bwino. Inu ntchito yanu ndi kuchotsa wakufawo. Mumatsina pang'ono kunsonga ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kukokera komwe ubweya wagonera, dzanja linalo litagwira khungu kuti lisatukuke. Ukakhwima umangosololoka, kagalu kali phee, mwina mpaka kuwodzera. Kakalira kapena kutembenuka kuti kakulumeni, nthawi siinakwane, kasiyeni. Ndipo musafune kumaliza msana wonse tsiku limodzi. Pang'ono madzulo aliwonse, kakayamba kutopa mukatsitse patebulo kazikasewera.

Muyezo wa Kennel Club, bungwe loona za mitundu ya agalu ku UK, umanena kuti ubweya wa galu ameneyu ukhale wogona ndi wosalala, usapotane komanso usachuluke mopitirira. Chifukwa chake n'chomveka. Agaluwa anawetedwa kuti azilowa m'zitsamba kukavumbulutsa mbalame alenje aombere, ndiye msana unkafunika ubweya wotsetsereka, wosakola minga ndiponso wosasunga madzi. Makina sasankha. Amadula wamoyo ndi wakufa pamodzi, wakufawo n'kutsala m'khungu, wofewa wa kunsi n'kuphuka mwamphamvu. Zomera pamenepo zimakhala ngati thonje la m'munda, ndipo mtundu wake umazilala.

Ine zinandigwera m'nyumba mwanga momwe. Muno mu Chipata muli anyamata oyenda panjinga khomo ndi khomo kusambitsa agalu ndi kuwathira mankhwala a nkhupakupa. Wina amene ankabwera kwa aneba ndinamuitana. Ndinamuuza momveka, mwana wanga ali pomwepo, kuti asambitse kokha, china chilichonse asakhudze. Ndinalowa kukhitchini kukavundula ndiwo. Posakhalitsa ndikumva kulira kwa makina kuseri kwa nyumba. Pomwe ndimatulukira, mzere unali utadutsa kale kuchokera pakhosi mpaka pakati pa mapewa, khungu likuonekera, ubweya wabuluu uli mbwee pasimenti, wina utamatirira kumapazi ake onyowa. Kagalu kakundiyang'ana, kakugwedeza mchira, sikakudziwa kanthu.

"Amayi, kwatentha, galu afunika mphepo," akutero akumwetulira. "Agalu onse ndimawameta chonchi, eni ake amathokoza."

Ndinamufunsa kuti ndinakutumani zimenezi kodi? Yankho lake linali lakuti yometa ndi yapadera, ndiwonjezere ndalama. Imvani bwino pamenepo: wandionongera galu, ndipo akufuna ndimulipire chifukwa choononga. Ndinamupatsa yosambitsa yokha. Anakaima pageti mpaka dzuwa kupendeka, akuuza aliyense wodutsa kuti amayi a m'nyumba muno amadya thukuta la anthu. Aneba nawo anabwera kudzandizizitsa mtima, amvekere, "Amayi, ubweya umamera, mukudandauliranji?" Kumera umameradi, koma umamera wotani? Chionetsero chimene ndinkakonzekera, cha gulu la tiagalu ta miyezi yochepa, chinandidutsa ndili pakhomo. Ndalama yolembetsera inapita, siinabwerere. Mpaka lero ndikamva makina ometera kubabashopu mtima umandinyamuka.

Kukonza malo amenewo kunatenga miyezi. Ndinadikira kuti ubweya utalike mokwanira kugwirika, kenaka tsiku ndi tsiku kupesa ndi chipeso cha mano othinana kuti wofewa uja uzichoka, ndi kuzula wotsalawo ndi zala. Kumeta kamodzi galu amatha kuchira, koma mukabwereza kangapo ubweya suchedwa kuonongekeratu. Ndiye aliyense wobwera kudzasambitsa galu wanu, muyambe mwamutsegulitsa chikwama. Muli makina, achoke nawo, kapena asiye m'manja mwanu mpaka amalize.

Zida. Chipeso chachitsulo cha mano othinana ndinachisaka ku Down Shops ndi kumsika wa Kapata osachipeza, ndinachita kuitanitsa ku Lusaka. Mukachipeza, lukani lasitiki pakati pa mano ake, kulowa ndi kutuluka, chimakola ubweya wakufa modabwitsa. Sizasi ya mano, yopungulira, imapezeka kwa ogulitsa zipangizo za m'masaluni. Zala zimaterera, choncho gulani tizipewa ta labala timene owerenga ndalama amavala pachala, kapena dulani zala za magolovesi otsukira mbale. Choko cha kusukulu chopera chimathandizanso kugwira. Ndipo muzizula galu asanasambe. Ubweya wochapa kumene umapulumuka m'zala, mumangotopa pachabe. Timipeni tozulira ubweya ine sinditikhulupirira m'manja mwa munthu wongoyamba, tikakhala takuthwa timadula m'malo mozula, zotsatira zake n'chimodzimodzi ndi makina aja.

Sizasi ili ndi malo ake. Mapazi amadulidwa mozungulira kuti aoneke aang'ono ndi othina, muyezo umatchula phazi la mphaka. Mutembenuze phazi, muchotse ubweya wotulukira kunsi, apo ayi umasunga matope n'kuuma. Mudulenso kumbuyo kwa miyendo yam'mbuyo kuyambira pachigongono kutsika, ndi kunsi kwa mchira. Pakhosi, kuchokera kuchibwano mpaka pafupa la pachifuwa, pamapungulidwa ndi sizasi ya mano, chimodzimodzi gawo la pamwamba la khutu, kuti khutu lioneke kuti layambira m'munsi molingana ndi diso. Kansumbu ka pamutu kazulidwe ndi zala, kasadulidwe. Ubweya wautali wa m'miyendo, pamimba, pachifuwa ndi m'makutu ndiwo ulemerero wa galuyu, mungoupesa ndi kulinganiza nsonga.

Ndanena za makutu, ndakumbuka chisoso. Mvula ikangotha, m'ma Epulo ndi Meyi, kuyenda naye cha kuphiri la Kanjala ndi kudziputira ntchito. Amabwera makutu ali bii ndi njere, ndipo mukazisiya usiku umodzi zimapota ubweya kukhala mfundo. Mfundo musazidule ndi sizasi, mudzasiya chibowo. Zimasuleni ndi zala, muthire kondishona pang'ono, mupese kuyambira kunsonga kukwera. Malo obisala mfundo ndi kuseri kwa makutu, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Pakudya, makutu amalowa m'mbale. Wanga ankatuluka ndi nsima ndi kapenta zitakangamira kunsonga, mpaka ndinadula sokosi yakale kuphazi kwake n'kumamuveka kumutu nthawi ya chakudya. Ana amaseka, koma makutu amakhala oyera. Kolala yapakhosi isamakhale tsiku lonse, imathyola ubweya n'kusiya mzere. Ndipo ngati mukufuna za chionetsero, musathamangire kufula kapena kutseketsa galu, ubweya umasinthanso n'kukhala wofewa ndi wochuluka.

Posambitsa gwiritsani shampu ya agalu, sopo wochapira zovala amaumitsa khungu. Mutsukuluze mpaka madzi ayere. Poumitsa, mphepo ya draya iziloza komwe ubweya wagonera, mukupesa. Malaiti akapita, zomwe kuno si zachilendo, pesani msana ukadali wonyowa, muyale thaulo pamwamba, mulimange ndi mapini kunsi kwa khosi ndi pamimba, aume momwemo. Msana umatuluka wogona bwino kuposa wa draya. M'kati mwa makutu mupukute mouma, khutu logwa chonchi likasunga chinyezi limanunkha n'kuyamba mafinya. Mathaulo ndi zogonera zake musayanike pansi pamthunzi m'nyengo ya mvula, ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pansalu yonyowa. Muzisita ndithu. Chotupa chimodzi cha mphutsi pamsana, adokotala a ziweto adzameta pamenepo, ndipo simungawatsutse.

Ulendo wa ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, kudzera ku Katete, Nyimba ndi pamlatho wa Luangwa, pomwe kutentha kwake galu waubweya amapuma lilime lili panja. Nyamukani mbandakucha, mutenge madzi ambiri, buku la katemera wa chiwewe likhale pafupi, osati pansi pa katundu. Kumusambitsa komaliza mukachitire ku Lusaka, usiku woti mawa chionetsero. Mukasambitsira kuno, fumbi la m'njira lidzakhala litamufiiritsa miyendo musanafike ku Chongwe.

China chimene anthu sachiganizira ndi tebulo. Cocker wamkazi wamkulu amangofika masentimita 38 kapena 39 pamapewa, choncho woweruza amamuyang'anira patebulo. Amamutsegula milomo kuona mano, amakoka khutu kuona ngati likufika kunsonga ya mphuno, amayendetsa manja thupi lonse. Kagalu kosazolowera kamanjenjemera kapena kukhala pansi. Kayambeni kakadali kakhanda, ubweya usanafike pozula: kaimikeni patebulo loyalapo mphasa ya labala, kapeseni pang'ono, kagwireni mapazi ndi pakamwa, kapatseni kachidutswa ka chiwindi chouma. Muziitananso alendo akagwire. Titadzafika ku chionetsero cha ku Lusaka chija, wanga anaima bwino, sanandichititse manyazi. Woweruza anayendetsa dzanja kuchokera pakhosi, atafika pamapewa paja anabwereza kawiri, n'kundiyang'ana osanena kanthu. Diso silinkaonanso kusiyana, koma zala zake zinamva. Mphoto yoyamba inapita kwa wina. Makina asayandikire msana, ndabwerezanso.

Ndikanaiwala: zonse za sizasi ya mano, pakhosi ndi pamakutu, muchite kutatsala sabata yathunthu kuti chionetsero chichitike, ubweya umerepo pang'ono ubise mizere. Mapazi okha ndiwo mungalinganize dzulo lake. Zikhadabo muziwengeretu masiku angapo chionetsero chisanafike, chifukwa mukadula mopitirira n'kutulutsa magazi, galu adzatsimphina pamaso pa woweruza.