Bafa la a Injiniya

Nyumba yathu ya ku Machinjiri tinaigula yomangamanga, ya zipinda zitatu, bafa ndi chimbudzi zili panja kuseri. Palibe ankadandaula mpaka mu Julayi 2023, pamene apongozi anga aakazi anabwera kudzacheza nthawi ya chiperoni. Usiku wina akupita kuseriko anaterereka pamatope, tochi uko, patapata uko. Sanavulale, koma kutacha mayi a kunyumba analamula kuti Khirisimasi isatipeze tilibe bafa la m'nyumba.

Ndinayambira kubanki, nditavala jekete la ukwati. Mtsikana wa pa desiki la ngongole anandifunsa taitolo didi. Ndinatulutsa kalata ya amfumu, ya chidindo chofiirira ndi mboni ziwiri, imodzi yosayina ndi chala. Anaiwerenga mwaulemu mpaka kumapeto, n'kundibwezera ndi manja awiri. Kuntchito mnzanga anandilozera kwa munthu wa katapila: utenge K100,000, ubweze K150,000 pakutha pa mwezi, khadi lako la ATM ligone kwa iye. Ndinathokoza n'kuchoka chammbuyo.

Kunatsala banki mkhonde ya mayi a kunyumba. Kumeneko safunsa chikalata, chifukwa amadziwa kale pamene umagona, tchalitchi chako ndi chiwerengero cha nkhuku zako. Gulu lawolo limakongoza pa chiwongoladzanja cha 20 pa 100 iliyonse pamwezi, ndipo ngongole yonse imayenera kubwerera asanagawane ndalama mu Disembala. Kumapeto kwa Okutobala tinatenga K500,000, n'kuphatikiza ndi ya chipereganyu cha kuntchito kwanga ndi ya mbuzi ziwiri zakumudzi.

Mbiri itangomveka, amisiri anatuluka ngati ngumbi mvula yoyamba. Dziwani kuti makontirakitala olembetsa ku bungwe loyang'anira zomangamanga sabwerera kabafa ka mamita awiri kwa atatu. Ife timasankha mwa amene afika pachipata.

Woyamba anali bambo wachikulire wa mapepala a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja. Anabwera ndi tepi ndi levulo, n'kuyamba mafunso otopetsa. Madzi akuda adzapita kuti? Dzenje lidzatalikirana bwanji ndi maziko? Chitseko chidzatsegukira mbali iti? Analemba zonse papepala: matumba 22 a simenti, mchenga wa kumtsinje, miyala ya kwale, mapaipi. Ya ntchito anati K350,000, yolipira pang'onopang'ono, maziko akatha, khoma likafika pawindo, denga likakwera. Potsanzika anati, “Bwana, simentiyo mugule lero lomwe, ngakhale muisunge kuchipinda kwanu.” Ndinaona kuti ndi munthu wokonda kulamula pakhomo pa eni.

Wachiwiri anali wa kutchalitchi kwathu, ndipo anafuna theka la ndalama asanaone n'komwe malowo.

Wachitatu anabwera naye ndi mlamu wanga, mchimwene wawo wa mayi a kunyumba. “Alamu, awa ndi a Injiniya. Amanga nyumba zosanjikizana ku Johannesburg.” A Injiniya anali ndi chipewa cholimba chachikasu ndi pensulo kukhutu. Tepi analibe. Anayeza malowo ndi mapazi, akuwerenga m'Chizulu, kenako anayang'ana kumwamba kwa kanthawi n'kunena kuti K150,000 basi. Ndinawakonda pompo.

Usiku mayi a kunyumba anati, “Abambo, achimwene angawo ndinakula nawo ine. Munthu amene iwo amuyamikira, muzimuyang'ana kawiri.” Ndinawakumbutsa kuti K200,000 yopulumutsidwa ndi ndalama, ndipo kuti nkhani za zomangamanga ndi za amuna.

A Injiniya ndiwo anandiululira chinsinsi cha simenti. Mvula ikayamba anthu amasiya kumanga, ogulitsa amasowa makasitomala, mtengo umatsika. Tidikire kaye masabata angapo. Zinamveka zanzeru, ndipo mpaka lero ndimati zinali zanzeru, kungoti a Reserve Bank sanatifunse maganizo. Pa 9 Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Petulo naye anadumpha kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Simenti siyenda yokha: ina, monga ya Dangote, imachokera ku Zambia pa malole, ndipo ngakhale yopangidwa konkuno imadya mafuta ndi zipangizo zogula ndi dola. Nditathamangira ku Limbe ndinapeza masitolo ena atatseka kuti asinthe mitengo, ena akuti simenti yatha pamene matumba akuoneka kuseri kwa kauntala. Ndalama ya matumba 22 inandigulira 14. Wa lole ya mchenga naye anali atamva nkhani pawailesi.

A Injiniya sanatekeseke. “Khumi ndi anayi? Ambiri amenewo, bwana. Ku Joni timatambasula.”

Kutambasulako ndinakuona ndi maso anga. Amisiri ambiri pomanga khoma amathira mawilibala atatu a mchenga pa thumba limodzi, akanyanyira anayi. A Injiniya ankathira asanu ndi awiri, n'kuwaza kasimenti pamwamba kuti matope ade. Nditafunsa, anati mchenga wa ku Machinjiri uli ndi mphamvu yakeyake. Levulo yawo inali botolo la Fanta la madzi theka, lomwe ankaligoneka pakhoma akutsinzina diso limodzi. M'mawa uliwonse ankapempha ya “kachingwe” kapena ya “timisomali”, masana nsima ya ndiwo zankhuli, poti nyemba zimawalemeretsa pamakwerero. Madzulo mnyamata wawo ankakankha wilibala yovundikira ndi masaka, akuti akukasunga zida.

Bafa linatha sabata yoyamba ya Disembala, ndipo kunena zoona linkaoneka bwino. Penti amabisa zambiri. Chitseko chokha ndicho chinkatsegukira m'kati n'kukagunda mtondo wa chimbudzi, moti polowa umayenera kupendekeka n'kukoka mimba. A Injiniya anati ndi mmene akumangira masiku ano, zimateteza akuba.

Loweruka lotsatira linali tsiku la banki mkhonde, ndipo amayi anagwirizana kuti akumane kwathu, aone chimene ndalama yawo yachita. Poti kunja kunkawaza, anayala mikeka pabalaza, bokosi la ndalama la maloko atatu pakati, mabuku a masheya pambali. Ine ndinati mwini nyumba ayambe ndiye kulisamba bafalo, kuti akamalowa kukaona apeze fungo la sopo. Ndinalowa mopendekeka, n'kukankha chitseko ndi phewa mpaka chinati khu!

Madzi anatuluka bwinobwino. Ndinapaka sopo kumutu, ndikuimba nyimbo ya kwaya. Chimene sindinkaona n'chakuti pansi panapendekera kuchitseko, kabowo kotulutsira madzi kali pamtunda pouma. Madzi onse, ndi thovu lomwe, anadutsa kunsi kwa chitseko, n'kutsata kakhonde ka m'kati mpaka pabalaza.

Ndinangomva, “Mayo! Mabuku! Nyamulani bokosi!” Kenako mawu amene ndimawadziwa bwino: “Abambo! Tsekani madziwo!”

Ndinapotokola mpopi, chogwirira chinatsalira m'manja. Ndinathamangira chitseko, koma thabwa lake linali laliwisi, litamwa madzi n'kufufuma m'felemu yokhota kale. Kukoka, ayi. Kumenya, ayi. Sopo ali m'maso. Kunja amayi khumi ndi asanu ndi mmodzi akukuwa, msungichuma akulamula kuti aliyense agwire ndalama yake m'mwamba.

Ndinaganiza zokankha chitsekocho ndi mwendo. Kuti ndipeze mphamvu, ndinatsamira msana pakhoma lakumbuyo n'kuponda mtondo wa chimbudzi. Chitseko sichinasunthe. Khoma ndilo linavomera. Ndinamva kuti fwaa kumsana, kenako mphepo, kenako ndinali chagada pabwalo pamwamba pa njerwa, thaulo lili m'manja m'malo mokhala m'chiuno.

Tsoka lake, amayi aja pothawa madzi anali atatulukira khomo lakuseri. Anali ataima pomwepo pansi pa mtengo wa mapeyala, mabuku ali pamutu. Kunakhala zii. Kenako apampando, mayi wachikulire wa Mvano, anatembenukira kumpanda n'kunena modekha, “Tawapatsani chitenje bambowo.”

Msonkhano unapitirira pakhonde la aneba. Gulu linawalipiritsa mayi a kunyumba K500 ya chindapusa chosokoneza zokambirana, ndipo mlembi analemba m'buku lonyowalo kuti ngongole ya bafa ikhalabe ngongole ngakhale bafalo lagona pansi. Foni ya a Injiniya kuyambira tsiku limenelo imangoti nambala mwaimbayi sikupezeka. Mlamu wanga akuti anamva kuti anaitanidwa mwadzidzidzi ku Johannesburg.

Mu Januwale mayi a kunyumba anakatenga okha bambo wa tepi uja. Bamboyo sananene kanthu za m'mbuyo. Anazungulira chigumukirecho, anatola njerwa imodzi, n'kuipukuta ndi chala chachikulu. Matope onse anayoyoka, njerwa n'kutsala yoyera ngati yangochoka pa uvuni.

“Apa mwapulumuka, bwana. Njerwa simugulanso, zonsezi zigwira ntchito. Sizinakumanepo ndi simenti.” Anawerenga ndi maso kukula kwa khoma. “Mwati munagula matumba angati?”

“Khumi ndi anayi.”

“Apa panalowa asanu. Mwina asanu ndi limodzi.”

Mtengo wawo unali utafika pa K480,000, poti nawonso amagula ufa ndi kwacha yomweyi. Mayi a kunyumba anavomera osandiyang'ana.

Lamlungu lake tinapita kukaona mlamu wanga ku Chirimba. Tinapeza khonde latsopano, losalala, lopaka polishi wofiira, lolimba moti mwana anagwetsapo mtondo wosinjira koma osasiya ngakhale kachipsera. Mlamu anatipatsa mipando pomwepo, akumwetulira.

“Mwaliona khondeli, alamu? Ntchito ya a Injiniya imeneyi. Akapatsidwa simenti yokwanira, munthu uja amamanga.”